Ndalama Zosaoneka ndi Maso

Anthu a ku Nkhata Bay anazolowera kalekale kulandira ndalama zochokera kutali. M'masiku a atsamunda amuna ambiri a Chitonga ankapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito, ndipo zimene ankatumiza kwao zinkayenda masabata angapo pa positi. Lero zinthu zatembenuka. Ndalama zimachoka pamsika wa Nkhata Bay kunka kwa ana amene ali m'sukulu zaukachenjede, ndipo zimafika munthu asanaphethire.

Airtel Money inayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Kuyambira pamenepo mayi wogulitsa usipa sakweranso galimoto kunka ku Mzuzu kukapereka ndalama kwa mwana wake. Amangopita kwa ejenti, ndipo nthawi yomweyo foni ya mwanayo imalira pa Mzuzu University, sukulu imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Ichi nchabwino ndithu, koma chili ndi msampha wake.

Mayiyo amadziwa kulemera kwa ndalama zake, pakuti amalawirira kunyanja kukadikira asodzi, nayanika nsombazo padzuwa, nawerenga makwacha ndi zala zake. Mwana wake amangoona manambala pafoni, ndipo manambala sapweteka powaononga. Akamatapa pang'onopang'ono, amalipira mtengo wotapira nthawi iliyonse. Akatenga ngongole ya pafoni usiku, amaiwala kuti chiwongoladzanja chikumudikira. Palinso njuga ya mpira, ndiponso akathyali amene amaimba foni nanena kuti atumiza ndalama molakwitsa, kapena kupempha nambala yachinsinsi.

Mayi wina wa pamsikapo anatumizira mwana wake ndalama za lendi. Mnyamatayo, pofuna kuzichulukitsa, anabetchera theka lake pa mpira, ndipo zonsezo zinapita. Poopa kuti mwana wake angathamangitsidwe m'nyumba mayeso ali pafupi, mayiyo anakongola ku banki m'khonde, ndipo mwezi wotsatira anapikula usipa wochepa. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma pano amene anagwa ndi mayi amene sanabetche nkomwe.

Nthawi nazonso zavuta. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya ufa, sopo ndi ulendo inakwera. Ngakhale thandizo la Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015, kwa ambiri ndi ngongole imene adzabweza akamaliza maphunziro.

Kodi wophunzira achite chiyani tsono? Aphunzire kwa amayi ake omwewo, amene sasakaniza mpamba ndi phindu. Tsiku limene ndalama zafika, alipiriretu lendi, agule chakudya, ndipo zotsalazo azigawe malinga ndi masabata a mwezi. Aziwerenga mauthenga osonyeza ndalama zotsala, nalemba m'kope zonse zimene wagula. Nambala yachinsinsi asauze munthu, ngakhale bwenzi lapamtima, ndipo asabweze ndalama zimene sanazione m'foni mwake.

Mwana wotere amasunga maphunziro ake pamodzi ndi malonda a amayi ake. Digiri imatenga zaka zinayi, ndipo zaka zonsezo mpamba wa pamsika uyenera kukhalapobe.