Mtengo wa Pakhomo ku Chigwa cha Shire

Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha kuli kamphepo kayaziyazi, koma pamene tinatsika msewu wokhotakhota uja ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kutentha kwa ku Chikwawa kunatilonjera. Munali m'chilimwe, minda ili gwa, mbuzi zikungonunkhiza fumbi. Komabe pa makomo ambiri tinaona mtengo wa timasamba ting'onoting'ono uli wobiriwira. Ndiwo chammwamba, umene makolo ake ali ku India.

Pakhomo pamene tinafikira, gogo wina anatiyalira mphasa. Tinafunsa kuti, "Agogo, mtengo umenewu mumausamala bwanji?" Iwo anaseka nati, "Ana anga, ukangozika nthambi yake pansi, waphuka. Madzi otsukira mbale ndiwo chakumwa chake."

Anatisonyeza masamba amene anayanika pamthunzi, pakuti dzuwa limaononga ubwino wake. Akauma amawasinja, ndipo ufawo amathira m'phala la zidzukulu. Masambawa ali ndi zakudya zomanga thupi, zoonjezera magazi ndi vitamini A wothandiza maso. Njere zake zikasinjidwa zimadikhitsa matope a m'madzi, ngakhale kuti madziwo afunikabe kuwiritsa.

Tili chikhalire, mpongozi wao anatulukira ndi mwana wotentha thupi. Tinayesa kuti gogo athothola masamba, koma anangoti, "Berekani mwanayo, mupite kuchipatala dzuwa lisanakwere. Malungo sadikira." Mau amenewa anatikhudza mtima, chifukwa ana ambiri atayika makolo akuyesayesa mizu mpaka nthawi kutha. Ndi zoona kuti mankhwala a LA, amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007, mbali ina amachokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua. Koma mankhwalawo anayesedwa, ndipo muyeso wake umadziwika, pamene masamba owiritsa mumphika alibe muyeso.

Potsazikana, gogo anatidulira nthambi zitatu. Tinazizika kuseri kwa khitchini, ndipo ziwiri zinaphuka.

Okondedwa awerengi, bzalani chammwamba pakhomo panu mvula ikubwerayi, makamaka inu a m'madera otentha. Ana adye ndi kulimba matupi, ndipo mnansi akapempha nthambi musammane. Koma tsiku limene mwana watentha thupi, kumbukirani nzeru ya gogo wa ku Chikwawa: njira ya kuchipatala isamere udzu.