Kabuku Kamene Kanakhalitsa Kuposa Kanema Wake

Anzanga, inu amene mumalowa mulaibulale pongothawa dzuwa, tsiku lina mudzasuzumire m'katoni ili pansi pa shelefu yakumapeto ija. Muli mabuku akale amene anabwera pa Ilala ngati mphatso yochokera kunja. Ambiri ndi a masamu a maiko ena, osagwirizana n'komwe ndi silabasi yathu. Koma pakati pawo pali kabuku kakang'ono, kokwana m'thumba la yunifolomu, mapepala ake ofiirira ndi ukalamba. Mutu wake ndi Doctor Who and the Abominable Snowmen, wolemba Terrance Dicks, ndipo kanatuluka koyamba mu 1974. Chaka chimenecho amayi anga anali asanabadwe.

Ndinakawerenga masiku anayi, madzulo ndikamaliza kutunga madzi kunyanja. Nkhani yake ndi ya munthu wotchedwa Doctor, amene si wa dziko lathu lino. Ali ndi chombo chotchedwa TARDIS, kunja chimaoneka ngati kanyumba kabuluu, koma mkati ndi chachikulu, ndipo chimatha kupita kale kapena kutsogolo monga bwato limapitira ku Chizumulu n'kubwerako. M'kabukuka Doctor ndi anzake awiri, Jamie ndi Victoria, afika kumapiri a ku Tibet, kunyumba ya amonke kumene zilombo zaubweya zotchedwa Yeti zikupha anthu. Kenako zimadziwika kuti zilombozo ndi makina, pali wina wosaoneka amene akuzilamula. Ine sindinaonepo chipale chofewa, pano pa Likoma timadziwa mchenga wotentha ndi milambe basi, koma powerenga ndinamva kuzizira ndithu.

Nditamaliza ndinafuna kuonera kanema wake, poti pachikuto analemba kuti nkhaniyi inachokera pa wailesi yakanema ya BBC. Ndinapempha achimwene anga kuti tifufuze pafoni yawo tsiku lomwe anali ndi bandulo. Zimene tinapeza ndi zomwe zandichititsa kulemba pakhoma pano. Kanema wa nkhani imeneyi anaonetsedwa mu 1967, anali ndi zigawo 6, koma chotsala lero ndi chigawo chimodzi chokha, chachiwiri. Zisanu zinazo zinafufutidwa ndi eni ake omwe.

Mbiri yake ili motere. Doctor Who anayamba kuonetsedwa ku Britain pa 23 Novembala 1963, dziko lathu likadali Nyasaland. Nthawi imeneyo matepi ojambulira anali odula, ndiye pulogalamu ikaonetsedwa, tepi ankaifufuta n'kujambulapo china. Anthu a kumeneko sankaganiza kuti wina adzafuna kuonera zakalezo. Mchitidwewu unatha cha m'ma 1978, koma zambiri zinali zitapita kale. Mpaka pano zigawo zoposa 90 za m'zaka za m'ma 1960 sizikupezeka. Mawu ake okha ndiwo anapulumuka, chifukwa anthu okonda pulogalamuyi ankajambula mawuwo kunyumba kwawo ndi matepi awoawo.

Pamene matepi ankafufutidwa, mabuku anali akusindikizidwa. Buku loyamba linatuluka mu 1964, lolembedwa ndi David Whitaker, la zilombo zachitsulo zotchedwa Daleks. Kampani ya Frederick Muller inasindikiza mabuku atatu okha n'kusiya. Panapita zaka mpaka mu 1973 pamene kampani ina ya mabuku a ana, Target Books, inatenga atatu aja n'kuwasindikizanso ndi zikuto zatsopano. Anagulidwa kwambiri moti mu 1974 anayamba kulemba atsopano, ndipo kabuku kathu kaja ndi kamodzi mwa oyambirirawo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anali atatulutsa mabuku oposa 150, pafupifupi nkhani iliyonse ya pakanema inali ndi buku lake. Terrance Dicks yekha analemba oposa 60.

N'chifukwa chiyani ana ankawagula chonchi? Taganizani, kunalibe YouTube, kunalibe memori khadi, ngakhale makina a vidiyo anali asanafale m'nyumba. Ukaphonya chigawo Loweruka ndiye kuti waphonya basi. Nkhani zimene zinaonetsedwa iwe usanabadwe, njira yozidziwira inali buku. Ndi momwe zilili kwa ife ndi nthano za agogo, kungoti ife buku tilibe.

Chinandisangalatsa china n'chakuti olembawo sankangokopera mawu a pakanema. Whitaker analemba buku lake ngati akusimba ndi Ian, mmodzi wa anzake a Doctor, ndipo chiyambi chake anachisintha. Malcolm Hulke, polemba Doctor Who and the Cave Monsters mu 1974, analowa m'maganizo a zilombo zomwe, kutionetsa kuti nazonso zili ndi mantha ndi zifukwa zake. Pakanema chilombo chinali munthu wovala chovala chalabala, ndalama zikaperewera chimaoneka choseketsa. M'buku chilombo chimakula monga mmene mutu wako ungathere. Pulogalamuyi italeka mu 1989, mabuku ndiwo anapitiriza. Kuyambira 1991 kampani ya Virgin inkatulutsa nkhani zatsopano zomwe sizinaonetsedwepo, ndipo ena mwa amene analemba mabukuwo, monga Russell T Davies, ndi omwe anadzabwezeretsa pulogalamuyi pakanema mu 2005. Mu 2018 dzina la Target linabwereranso pa mabuku atsopano.

Mwina wina akuti, ndiye ife za azungu zikutikhudza pati? Dikirani. BBC inkagulitsa makope a filimu kumaiko ena, kuphatikizapo a kuno ku Africa monga Zambia, Nigeria, Kenya ndi Uganda. Ana a ku Zambia ankaonera Doctor Who m'zaka za m'ma 1960, pamene ife kuno ku Malawi wailesi yakanema yathu inayamba mu 1999. Mu 2013 kunalengezedwa kuti zigawo 9 zimene zinkasowa zapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, zili pashelefu m'nyumba ina ya wailesi yakanema. Zina mwa izo ndi za nkhani ya The Web of Fear, momwe ma Yeti a m'kabuku kathu aja amabweranso. Zimene London inataya, zinasungika ku Africa, mwina chifukwa wina anangoiwala kuzitaya. Komanso amene anayamba kusewera ngati Doctor mu 2023, Ncuti Gatwa, anabadwira ku Rwanda.

Tsopano tiyeni tibwere kwathu. Ndani wa ife sanamvepo za Tikuferanji ndi Manganya wake? Makolo athu amakamba za Kapalepale ndi Pamajiga za pa MBC, momwe ankazungulira wailesi imodzi mudzi wonse, mabatire atawayanika padzuwa masana. Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lonse, ndipo onse awiri anatisiya. Mulaibulale yathu mulibe buku ngakhale limodzi lochokera ku masewero amenewa. Bambo anga amayamba kusimba sewero lina la pawailesi lomwe anamva ali mnyamata, amaseka okha mpaka misozi, koma akafika pakati amati, "Aa, ndaiwala mmene linathera." Ife timangowayang'ana, osaseka.

Yerekezani ndi Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara lomwe linatuluka mu 1933. Ndi lakale kuposa Doctor Who ndi zaka 30, koma anzathu a Fomu 3 ndi 4 akulidziwa mutu ndi mutu. Silinafune jenereta, silinafune netiweki, silinafune bandulo. Pano pa Likoma sitiyenera kuuzidwa zimenezi ndi alendo. Amishoni a UMCA atakhazikika pachilumba chino mu 1885 anaikapo makina osindikizira mabuku, ndipo ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela inayamba mu 1903. Chilumba chathu chinkadziwika ndi anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga, ambiri anapita kukagwira ntchito kumtunda ndi kumaiko ena chifukwa cha cholembera. Ndiye ife zidzukulu zawo tingokhala oonera basi?

Sindikunyoza vidiyo sho ayi, inenso ndimapita ndikapeza ya pakhomo. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja amandiseketsa, makamaka womasulira akayamba kuonjezera zake zomwe mzungu sananene n'komwe. Ngati mukuonetsetsa, iyeyo akuchita zomwe ankachita Whitaker ndi Hulke, kutenga nkhani ya pakanema n'kuipatsa mawu ena. Kusiyana kwake n'kwakuti zake zili pa memori khadi. Khadi ikagwa m'madzi kapena foni ikafufutidwa, zathera pomwepo. Ife amene timakhala pakati pa nyanja tikudziwa mafoni angati anamira pokwera maboti opita ku Ilala.

Nkhani zopeka za sayansi si za azungu okha. Mmalawi mnzathu Shadreck Chikoti anatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Ngati iye anatha kuona kutali choncho ali ku Lilongwe, ife tingalephere bwanji kuganiza za Likoma wa m'chaka cha 2100? Kodi usipa udzakhalapobe? Kodi asodzi azidzapitabe usiku ndi nyali ndi chilimira, kapena makina ndiwo azidzawedza? Nanga TARDIS itatera ku Mbamba tsiku la Ilala, anthu angaizindikire, kapena angoyesa katundu wa munthu wina n'kuyamba kufunsa mwini wake?

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha. Choyamba ndi chaching'ono. Kabuku kaja tsamba limodzi lapakati linang'ambidwa, ndipo tonse tikudziwa kumene mapepala otere amathera: kukulunga zitumbuwa ndi mandasi pa buleki. Amene munachita zimenezi sindikukudziwani, koma dziwani kuti munakulungira chitumbuwa mbali ya nkhani yomwe ngakhale BBC ilibe zithunzi zake zoyambirira. Mapepala akale a mayeso alipo ambiri, tengani amenewo.

Chachiwiri ndi chachikulu. Temu yatha gulu lathu la zisudzo linachita sewero lija la msodzi amene anagulitsa ukonde wa apongozi ake kuti agule foni. Tinaseka mpaka ena kugwa pa benchi, ndipo aphunzitsi omwe analephera kudzigwira. Ndinafunsa amene anasewera ngati msodzi kuti andibwereke pepala la seweroli, iye anati, "Pepala lanji? Zinali m'mutu, aise." Anthu anayi mwa asanu ndi awiri amene anasewera ali Fomu 4. Akangolemba mayeso a MSCE akwera Ilala, wina ku Nkhata Bay, wina ku Mzuzu, wina kutsidya ku Cobue, ndipo sewero lathu lipita nawo zidutswazidutswa. Palibe amene analijambula, tsiku lija mafoni anali oletsedwa.

Ine ndagula kope la masamba 40 ndipo ndalemba kale chiyambi, pamene msodzi akufika kunyumba ukonde palibe. Ndikulemba ngati nkhani, osati ngati sewero, kuti ndithe kulowa m'mutu mwa apongozi aja pamene ankangoyang'ana osayankhula. Koma pali malo amene sindingawakumbukire ndekha, makamaka mlandu wa kwa amfumu. Amene munasewera, ndi inu amene munakhala kutsogolo n'kumva zonse, mundipeze Lachitatu tikaweruka pansi pa mlambe wa kuseri kwa Fomu 2. Bwerani ndi zomwe mukukumbukira, cholembera ndili nacho. Tikamaliza tidzapempha aphunzitsi a Chichewa kuti atikonzere, kenako kopelo tidzaliike mulaibulale, mayina a onse amene anasewera ali patsamba loyamba.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2