Moto wa siginala

Asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi amagwira ntchito usiku, ndipo nyambo yawo ndi kuwala. Bwato la siginala limatsogola ndi nyali, usipa n'kuunjikana pansi pake, kenaka anzake amaukuta ndi chilimira. Kale nyalizo zinali za palafini; masiku ano ambiri amayatsa mababu olumikizidwa ku batire. Batirelo likatha pakati pa nyanja, ulendo wonse wapita pachabe, ndi mafuta a injini omwe. N'chifukwa chake siginala weniweni amawerengera moto wake monga momwe mayi amawerengera ufa m'mwezi wa Febuluwale.

Luso limeneli ndinakaliona kutali ndi madzi. M'chaka cha 2023, pofufuza za Chichewa cha anthu athu a ku Johannesburg, ndinkagona m'nyumba ina ku Bertrams, kufupi ndi bwalo la Ellis Park. Chaka chimenecho magetsi anazimitsidwa mosinthanasinthana m'dziko la South Africa kwa masiku oposa 300. Anthu ochita lendi m'nyumbamo anasonkherana n'kugula batire ndi inverter, ndipo anasankha mkulu wina wa ku Msaka, ku Mangochi, yemwe kwawo anali siginala, kuti aziliyang'anira.

Batirelo likadzaza linkatha kupereka mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma mkuluyo ankalola theka lokha, poti batire la asidi ukamalikama mpaka kuuma silichedwa kufa. Ketulo ya mawati 2,000 ikanamaliza thekalo m'mphindi 18, motero inaletsedwa. Mafoni ndiwo ankayamba, chifukwa ganyu amabwerera pafoni, ndipo wophonya ganyu waphonya lendi. Kenaka babu limodzi la pakhonde. Kompyuta yanga inali kumapeto. “Adokotala,” anatero mwaulemu, “makina anuwa amadya ngati ng'ombe. Muzilemba dzuwa likadalipo.” Sindinatsutse.

Koma chimene chinandigwira khutu ndi aneni a m'nyumbamo. Magetsi a m'mawaya “amapita” ndipo “amabwera”, ngati mlendo wosalawira. Batire “limadya”, “limakhuta”, “limafooka”, “limafa”: ndi chiweto, chili ndi mwini, ndipo chikafa pali womufunsa. Mkuluyo sankanena za mawati konse. Zonse kwa iye zinali “moto”. Anansi obwera kudzatchaja foni ankalonjera kuti, “Tabwera kudzapala moto,” mawu amene agogo athu ankanena potenga khala pa phale. Mpaka mabanja awiri atakangana, ndinamva kuti “sapalana moto”, ndipo mwambiwo unali utabwerera ku tanthauzo lake lenileni: wina anamanadi mnzake pobaya foni.

Kuzimitsa magetsi kutaima mu Malichi 2024, mkuluyo anagula magawo a anzake m'batirelo n'kulikweza basi. Analitumiza ku Msaka, kwa mphwake amene anatsala ndi bwato.