Mabuku atatu a m'shopu ya amalume

Shopu ya amalume ku Nyimba inali ndi mabuku atatu: la katundu, la nkhongole za alimi a kwa Nyalugwe, ndi la ndalama zolowa pa foni. Manambala ake sankagwirizana. Thumba la feteleza likasowa, wokayikiridwa ndinali ine wogulitsa.

Mu 2024, ZRA itabweretsa Smart Invoice, amalume anagula pulogalamu ya ERP yolumikiza mabuku onsewo. Tsopano ndikagulitsa thumba, limachotsedwa pa katundu, ndalama kapena nkhongole imalembedwa, lisiti limapita ku ZRA.

Malaiti akapita timabwerera ku bolopeni, akabwera ndimalowetsa zonse m'kompyuta. Ndiyo mboni yanga. Masiku ano amalume akamapita ku Petauke, amandisiyira makiyi.