Chilombo cha pulasitiki ndimachikhululukira

Mufilimu ya Mega Shark Versus Giant Octopus, ya 2009, muli malo ena pomwe ndege ikuuluka bwinobwino m'mitambo, anthu ali phee m'mipando yawo, kenako shaki ikuvuuka m'nyanja, kulumpha mpaka kumwambako, n'kuiluma ndegeyo. Nsomba, aise. Kuluma ndege ili m'mwamba. Kutsogoloko shaki yomweyo ikukaluma mlatho wa Golden Gate ku San Francisco ngati chinangwa chootcha. Amene anaijambula pakompyuta mwina analibe nthawi, mwina ndalama, kaya zonse ziwiri, chifukwa shakiyo ikumasintha msinkhu: pano ndi yaikulu ngati phiri, pena ngati boti la injini.

Ndaionera kanayi, ndipo mukandipatsa lero ndionerabe.

Kwathu kuno ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, filimu sitisankha ngati mmene amasankhira anzathu a Netflix. Bandulo yotsitsira filimu imodzi ingakudyere ndalama ya ndiwo za sabata. Mafilimu amabwera pa memory card ndi pa flash: wina wakwera Ilala kupita ku Nkhata Bay, wafika ku Mzuzu, wapereka khadi kwa anyamata obena aja n'kunena kuti "dzadzani." Zomwe adzadzemo ndi zomwezo. Za ku Nigeria, za karate, nyimbo za kwaya, ndipo pakati pakepo zilombo: shaki ya mitu iwiri, ng'ona yotalika ngati basi, nsato yomeza helikopita. Khadi ija imayenda foni ndi foni kuchoka ku Mbamba mpaka kufika kuno, ndipo pofika mwezi wamawa chilumba chonse chaonera zofanana.

Zambiri mwa zilombozi ndi za kampani ina ya ku California yotchedwa The Asylum, yomwenso inapanga Sharknado mu 2013, ija ya kamvuluvulu wonyamula mashaki n'kumawagwetsa mumzinda wa Los Angeles. Koma mwambowu ndi wakale. Roger Corman, amene anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 98, anali atapanga kale filimu ya nkhanu zikuluzikulu zodya anthu mu 1957, ndipo ina ya chomera chodya anthu, ya 1960, anaijambula masiku awiri ndi usiku umodzi basi.

Chokoma choyamba n'chakuti chilombo sichilankhula Chingerezi. Agogo, mwana wa sitandade 2 ndi mphunzitsi onse amamva chimodzimodzi kuti uyo akudyedwa. Ndiye pakabwera omasulira aja, amene amalankhula Chichewa pamwamba pa mawu a azungu, filimu yoipa imasanduka ina. Ndinamvapo wina shaki akuitchula kuti chimcheni, wasayansi wa mufilimumo akumutcha "bwana a fisheries." Filimu yabwino womasulira amaiononga, chifukwa amalankhula pomwe panafunika chete. Yoipa amaipulumutsa: muli mipata yambiri yopanda kanthu yomwe iye amadzadzamo nthabwala zake.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi misoko. Filimu ya ndalama zambiri ili ngati suti ya m'shopu, suona pomwe singano inadutsa, umangoti awa ndi anthu ena, si ife. Filimu yotchipa misoko yake ili poyera. Tengani Birdemic ya 2010. Anaipanga James Nguyen, munthu wogulitsa mapulogalamu a kompyuta, ndi ndalama zosafika madola 10,000, kujambula Loweruka ndi Lamlungu akaweruka kuntchito. Mbalame zake zolusa zimangoima malo amodzi m'mwamba n'kumakupiza mapiko ngati masitika a pa WhatsApp, anthu n'kumazimenya ndi mahang'ala a zovala. Umaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma ukamaliza kuseka pamatsala kaganizo kena: munthu uyu anali ndi nkhani yake, analibe chilolezo cha aliyense, anaipanga mpaka kumapeto, ndipo yafika ku Mbungo. Ine nkhani zanga zili m'kope lomwe mphemvu zayamba kudya.

Ena mwa anthu oterewa amadziwadi ntchito. Gareth Edwards anapanga Monsters mu 2010 ndi kagulu ka anthu ochepa, zilombo zake n'kuzijambula yekha pakompyuta m'chipinda chake. Zaka zinayi pambuyo pake anatulutsa Godzilla. Pafupi ndi ife, ku Wakaliga mumzinda wa Kampala, Nabwana I.G.G. anapanga Who Killed Captain Alex? ndi ndalama zosaposa madola 200, pakompyuta yomwe anailumikiza yekha ndi zidutswa. Mulibe chilombo mmenemo, ndi zipolopolo ndi karate, koma womasulira wake, VJ Emmie, ali mufilimu momwemo ngati mbali ya nkhani. Iwo anazindikira kuti kuseka kwa oonera si mdani.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe opanga zilombo zotchipa ambiri amachiphonya, chomwe mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amachidziwa. Ng'ona sioneka. Mantha ake ali m'madzi odekha pafupi ndi mabango m'mamawa, pomwe amayi akutsuka mbale ndipo palibe chikuchitika. Steven Spielberg anaziphunzira mokakamizika pojambula Jaws ya 1975: shaki yake ya makina inkangofa m'madzi amchere, ndiye anayamba kuonetsa migolo yachikasu ikukokedwa pamwamba pa madzi, kamera ili pansi kuyang'ana miyendo ya osambira, ndi kanyimbo kaja ka manotsi awiri. Anthu anaopa kusamba. Ku Australia, opanga Black Water ya 2007 analibe ndalama zambiri, anajambula ng'ona zenizeni n'kuzilumikiza ndi zithunzi za osewera, ndipo gawo lalikulu la filimuyo anthu ali mumtengo kuyang'ana madzi amatope. Imeneyo sindinaseke. Pomwe a shaki ya mitu iwiri amakuonetsa chilombo chonse mphindi yachitatu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mantha amathera pomwepo.

Komabe zimenezo ndimakhululuka. Chilombo cha pulasitiki, magazi ooneka ngati Sobo, mawu osagwirizana ndi milomo, zonsezo ndi umphawi, ndipo umphawi timaudziwa. Chomwe chimandikanika kumeza ndi anthu a pulasitiki, chifukwa chimenecho sichifuna ndalama.

Taonani mmene mafilimuwa amayambira. Msodzi ali yekha m'bwato usiku. Alibe dzina. Kawirikawiri ndi wakuda, kapena wa kumudzi wosadziwa Chingerezi. Madzi agwedezeka, wakuwa kamodzi, wapita, dzina la filimu n'kutulukira. Mpaka kumapeto palibe adzamufunse. Ntchito yake inali yotiuza kuti chilombo chili ndi njala, kuti tiyambe kudera nkhawa mtsikana wa tsitsi lagolide amene akubwera pa ndege. Ngakhale a ndalama zawo amachita zomwezo. Primeval ya 2007 inatenga nkhani ya Gustave, ng'ona yeniyeni ya ku Burundi, ya mumtsinje wa Ruzizi ndi nyanja ya Tanganyika, yomwe anthu akumeneko amati inapha ambiri. Koma eni filimuyo ndi atolankhani ochokera ku America.

Msodzi wa mphindi zisanu zoyambirirayo ndi ife. Ndi amalume anga, ndi mnzanga wa m'kalasi amene anasiya sukulu n'kulowa chilimira. Ndipo kuno nyanja ikatenga munthu, kaya ndi mwera kaya ndi ng'ona, nkhani ndiye imayamba. Maboti amasiya usipa n'kumazungulira kufunafuna. Amayi amakhala pamchenga kuyambira m'mawa, osalira mokweza chifukwa thupi silinapezeke, osasiyanso kuyang'ana. Pa foni yake anthu amaimbabe. Sindinaonepo filimu ya chilombo yomwe inakhalako pamchengapo ngakhale mphindi ziwiri, pomwe kujambula zimenezo sikulira kompyuta.

Pakapita masiku pamabwera manong'onong'o, ndipo apa m'pomwe nkhani ya zilombo kwathu imasiya kukhala yoseketsa. Ng'ona ija inali yotumidwa. Anaituma ndani? Maso amatembenukira kwa nkhalamba ina yokhala yokha. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chili pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Si zakale zokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Wopopa magazi sanagwidwe ndi mmodzi yemwe. Ku America shaki ikafa anthu amaomba m'manja n'kupita kwawo. Kuno chilombo chikasowa, anthu amafuna munthu woti alowe m'malo mwake.

N'chifukwa chake timakangana ndi anzanga tikamakamba zopanga yathu ndi mafoni. Shemu Joyah anaonetsa kale ndi The Last Fishing Boat mu 2012 kuti nyanja yathuyi imakwana pa kanema. Mmodzi wa ife akufuna ng'ona yotumidwa ndi agogo, ya maso ofiira ngati za ku Nigeria, akuti ndi zomwe anthu angagawane. Akunena zoona, angagawanedi. Ine ndimamufunsa kuti: achimwene, agogo amene asewere mbali imeneyo, mawa lake akatunga madzi kuti? Chilumba ndi chaching'ono, aliyense amadziwa aliyense, ndipo si onse adzakumbukire kuti inali filimu.

Changa chilombo ndi nkhungu. Amene simunaionepo: ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timatuluka m'nyanja mwezi ukakhala mumdima, tambirimbiri, n'kuima pamwamba pa madzi ngati utsi wa sitima yomwe ikupsa. Ukaima pagombe umaona mizati yakuda ikuyenda yokha pakati pa nyanja. Asodzi achikulire amati ikakupeza uli m'bwato ikhoza kukutsamwitsa. Siifuna kompyuta, siifuna pulasitiki, ilibe mwini woti n'kumuloza chala. Timangofunika kudikira tsiku lake batire ili yodzadza. Msodzi wa mphindi zoyambirira adzakhala ndi dzina, ngongole ya injini ndi mwana wolemba mayeso a sitandade 8, ndipo kamera idzatsala pamchenga ndi mayi ake.

Zovuta zilipo ziwiri. Mphepo ya kunyanja imadya mawu onse pa foni, ndipo maikolofoni yabwino tilibe. Chachiwiri anachitchula ndi mlongo wanga nditamufotokozera nkhani yonse: nkhungu ikafika kumtunda, amayi amaithamangira ndi malichero, kuiumba, kuiphika, n'kudyera nsima. Akuti oonera a kuno akadzaona chilombo changa chikubwera adzangomva njala.