Nyimbo imene agogo anasiya kuimba

Agogo anga aamuna anali ndi gitala ya zingwe zinayi. Ziwiri zinaduka ine ndisanabadwe, iwo osavutika n'kugula zina. Madzulo akaweruka kumunda ankakhala pakhonde moyang'anana ndi phiri la Michesi n'kumaimba "Napolo". Ife ana tinkavina, fumbi koboo, osadziwa n'komwe kuti tikuvinira maliro a anthu.

Nyimboyi si yakwathu kuno ku Phalombe. Ndi ya a Paseli Brothers a ku Zomba, amene ambiri amawakumbukira ndi dzina la Black Paseli. Mu Disembala 1946 kunagwa chimvula ku Zomba, likulu la Nyasaland nthawi imeneyo. Phiri linagumuka, madzi ndi miyala n'kukokolola nyumba, milatho ndi anthu. Akuluakulu anati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chokhala kunsi kwa phiri, chimene chikamasamukira kunyanja sichipatuka, chimangonyamula chilichonse chili panjira yake. A Paseli anatenga mantha amenewo n'kuwaika pagitala.

Chimandizunguza mutu mpaka lero ndi kukoma kwake. Nyimbo ya ngozi bwanji ikukugwedeza phazi? Agogo ankati munthu sungasunge chisoni chosathira mchere, chimaola. Paubwana ndinkangoti nkhalamba zimayankhula zambiri.

Ndiye pa 10 Malichi 1991 Michesi anatsika. Phalombe inali isanakhale boma payokha, tinali pansi pa Mulanje. Ine ndinali Sitandade 3. Chimene ndimakumbukira kwambiri si madzi ayi, koma phokoso, ngati malole ambirimbiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Anthu mazanamazana anapita. Mmodzi mwa iwo anali mlongo wawo wa agogo, amene anakwatiwa kufupi ndi phiri. Mtembo sunapezeke. Tinakhala maliro opanda bokosi.

Gitala ija agogo anaikoleka kudenga. Tsiku lina ndinawapempha kuti atiimbire monga kale. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, poyamba paja ndinkaimba za eni ake." Sanaigwirenso mpaka anamwalira, ndipo chiswe chinamaliza ntchito.

Nditakula ndinamva za Woody Guthrie wa ku Oklahoma, amene anaimba za mphepo ya fumbi imene inathamangitsa alimi m'minda yawo m'zaka za m'ma 1930, n'kuzijambula mu 1940 pa chimbale cha Dust Bowl Ballads. Kwawoko mbiri yake inalembedwa m'mabuku. Kwathu kuno, funsani achinyamata kuti "Napolo" anapeka ndani. Ambiri angoti ndi nyimbo yamakolo, yopanda mwini. Zimandiwawa pang'ono, ngakhale mwina kwa wopeka nyimbo ulemu waukulu n'kumeneko.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atatikantha, tinagona masiku angapo m'kalasi ya sukulu, mabanja ambiri chipinda chimodzi. Usiku wina mwana wanga wamkazi anamva amayi ena akuti Napolo wadutsanso.

"Ababa, Napolo ndi ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za mvula yambiri, dothi lokhuta madzi, mitengo imene tinadula kuphiri. Zonse zoona, koma iye ankangondiyang'ana. Kenako ndinazindikira kuti ndikung'ung'uza nyimbo ija chapansipansi, mmene ankayambira agogo. Bambo wina wachikulire amene anagona kukhoma anadzuka, n'kundiuza kuti ndalakwitsa poyambira.