Kalata kwa mphwanga: m'bindikiro umene unagwera ana

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Johannesburg pamodzi ndi mlamu. Kuno kwa Katunga tonse tadzuka, kupatula amayi amene akudandaulabe mawondo monga ukuwadziwira. Unandipempha kuti ndikufotokozere bwinobwino mmene tinkakhalira ndi mwana wako m'nthawi ya korona, poti masiku amenewo pa foni tinkangoti ali bwino, kuopa kukudetsa nkhawa komanso kutha mayunitsi. Iwe umaganiza kuti nafenso tinatsekeredwa m'nyumba ngati inu, amene kuyambira pa 27 Malichi 2020 munali ndi asilikali m'misewu. Kuno sizinatero. M'bindikiro wa akuluakulu unalengezedwa koma sunachitike. Amene anatsekeredwa zenizeni ndi ana.

Zinayamba pa 20 Malichi 2020, pamene pulezidenti wa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pangozi. Apa n'kuti m'Malawi musanapezeke ngakhale munthu mmodzi wa matendawa. Analamula kuti sukulu zonse zitsekedwe kuyambira Lolemba pa 23 Malichi, ndipo kusonkhana anthu opitirira 100 kunaletsedwa. Odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Mwana wako anali ndi zaka zitatu, atangozolowera kumene kupita ku mkombaphala, kumene ankaimba ndi anzake n'kumwako phala. Lolemba limenelo anadzuka yekha m'mawa, natenga kakapu kake kapulasitiki, n'kukaima pakhomo kudikira womuperekeza. Alamu ako anavutika kumufotokozera, chifukwa palibe amene ankadwala m'mudzi monse, ndipo ife akuluakulu tinali kupita kwathu kumunda monga mwa masiku onse.

Pa 14 Epulo boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woti uyambe pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Uthengawo tinaumvera pa wailesi tili pabwalo, ndipo amayi anangofunsa kuti madzi atidzatungira ndani. Funso limeneli linali lokwanira. Nyumba zathu ukuzidziwa: madzi ali ku mjigo, nkhuni zili kutchire, ndiwo zili ku dimba kapena pamsika, ndipo ndalama ya ufa wa madzulo imapezeka masana a tsiku lomwelo. Wa kabaza wonyamula anthu kuchokera pa Dyeratu kupita ku boma akagona tsiku limodzi, ana ake agona ndi njala. Wa ganyu m'minda ya nzimbe chimodzimodzi. Kumbukiranso kuti madzi osefukira a m'Malichi 2019, a namondwe Idai, anali atakokolola minda yambiri kuno kuchigwa, ndipo mabanja ambiri anali asanadzukebe. Ndani anali ndi chakudya cha masabata atatu m'nkhokwe? Komanso kwa Katunga n'kwa panjira kuyambira kale. M'nthawi ya atsamunda sitima za pamadzi zinkatsitsa katundu padoko la Katunga kuti amtengatenga akwere naye phiri kupita ku Blantyre, ndipo lero msewu wa M1 ndi umene umatidyetsa. Kuutseka n'kutitseka pakhosi.

M'matauni mavenda anachita zionetsero, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, kunena kuti njala iwapha matenda asanawapeze. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition pamodzi ndi anthu ena linapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, woweruza wa khoti lalikulu a Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Dandaulo lalikulu linali lakuti boma silinakonze njira yoti osauka adzadye bwanji ali m'nyumba. Kumapeto kwa mwezi womwewo boma linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika, koma inali ya m'mizinda: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ife a kumudzi sitinali m'kaundula ameneyo. Mu Sepitembala chaka chomwecho khoti linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Ine ndimati khoti linachita bwino. Amayi anafanizira nkhaniyi ndi chikuta, ndipo sindinamvepo wina akuifotokoza bwino kuposa iwo. Mayi wobereka kumene amakhala m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa, koma zimatheka chifukwa pali ena omutungira madzi, omuphikira ndi omuchapira matewera. Mudzi wonse sungalowe m'chikuta tsiku limodzi.

Koma chiletso cha khoti sichinatsegule sukulu. Misika inapitiriza, maminibasi ankayenda, ndipo popeza khoti linali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale, miyezi ya Meyi ndi Juni inali ya misonkhano ya ndale, mpaka chisankho cha pa 23 Juni chimene a Lazarus Chakwera anapambana. Zipani zonse zinkasonkhanitsa anthu miyandamiyanda pabwalo limodzi, atathinana, akuvina ndi kuimba. Nthawi zina bwalolo linali la sukulu yomweyo imene zitseko zake zinali zokhoma poopa kuti ana apatsirana matenda. Mpaka lero chinthu chimenechi chimandiwawa.

Tsiku la mwana wako linkayenda chonchi. Kale alamu ako ankamusiya ku mkombaphala n'kutsikira ku dimba m'mbali mwa Shire, kubwerako dzuwa lili paliwombo. Mkombaphala utatsekedwa, panali njira ziwiri. Kumutenga ku dimba, kumene mwana wa zaka zitatu sungamuchotse diso chifukwa cha madzi ndi ng'ona, ndiye kuti sulima. Kapena kumusiya kunyumba. Amayi sakanatha kuthamanga naye, choncho ntchito yonse inagwera mwana wathu wamkulu, amene anali mu Sitandade 7. Ndi iye ankamusambitsa, kumuphikira phala la mgaiwa, kumubereka popita ku mjigo ndowa ili pamutu, ndi kumugoneka masana pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. Palibe anachita kukhala pansi n'kugamula kuti zikhale choncho. Anali mtsikana, anali pakhomo, basi. Anyamata a msinkhu wake anatumidwa kubusa ndi kukatola thonje, ndipo madzulo ankakhala ndi mpata wa mpira.

Unduna wa zamaphunziro unayika maphunziro pa wailesi, ndipo cholinga chinali chabwino. Koma wailesi pakhomo ndi imodzi, mabatire ndi ogula, ndipo nthawi imene mphunzitsi ankayamba kuyankhula, wophunzira wathu anali pamzere ku mjigo kapena akutonthoza mwana. Amene anapindula kwambiri ndi mwana wakoyo, poti ankakhala pafupi ndi wailesi n'kumabwereza mawu osawamvetsa, ife n'kumaseka.

Za ukhondo tinayesetsa. Alangizi a zaumoyo anayenda m'midzi kutiuza kuti khomo lililonse likhale ndi mpondagiya, ndipo ndinamanga wathu pafupi ndi chimbudzi ndi kachigubu ka mafuta ophikira. Kwa ana chinali chidole chatsopano: ankapondaponda mpaka madzi onse, amene wina wasenza kuchokera kutali, atathera pansi. Sopo akasiyidwa pamenepo mbuzi zinkadya, ndiye tinabwerera ku phulusa. Komabe mwana wako anaphunzira kusamba m'manja asanadye kuposa akuluakulu ena, ndipo ankakalipira alendo otambasula dzanja popereka moni, n'kuwapatsa chigongono. Zotalikirana zija ndiye zinakanikiratu. Mwana wa zaka zitatu amadyera mbale imodzi ndi anzake, amaberekedwa ndi aliyense womupeza akulira, ndipo akapatsidwa nzimbe imayenda pakamwa pa ana asanu. Titamvanso kuti okalamba ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, tinaganiza zoti asiye kugona ndi agogo ake. Analira, amayi nawo anakwiya, ndipo pakati pa usiku tinkangopeza kuti wasamuka yekha wakalowa m'neti ya agogo. Tinazisiya.

Chimene sitinakuuze n'chakuti m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho anatentha thupi kwambiri usiku, akutsokomola. Kuno kutentha thupi kwa mwana timayamba taganiza malungo, koma pa wailesi ankati kutentha thupi ndi chifuwa ndi zizindikiro za korona. M'midzi munali mphekesera zoti ukapita kuchipatala ndi chifuwa akutsekera wekha, abale osakuona, ndipo amayi ambiri anali atasiya ngakhale kupita ndi ana ku sikelo. Ena anatilangiza kuti tingogula panado pagolosale. Alamu ako anakana. Kutacha anamubereka kupita kwa mlangizi wa zaumoyo, anamubaya chala, napeza kuti ndi malungo, namupatsa LA. Patapita masiku ochepa anali akuthamangitsa nkhuku. Ana akuno chaka chimenecho choopsa chawo chinali chomwe chija cha kale, malungo ndi kutsegula m'mimba, kuwonjezapo mantha a makolo oopa chipatala.

Unkafuna kubwera, ndipo unakhumudwa nditakuuza kuti udikire. Chifukwa chake chinali ichi. Mu Meyi mabasi anayamba kubwera ndi Amalawi ochokera ku South Africa kudzera pa chipata cha Mwanza, ndipo kumapeto kwa mweziwo anthu opitirira 400 amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa anathawa n'kubalalikira kwawo. Kuchokera pamenepo munthu wochokera ku Joni ankaonedwa ngati wasenza matenda m'chikwama. Ukanabwera, ana a m'mudzi akanaletsedwa kusewera ndi mwana wako, ndipo kusewerako n'kumene kunamutsalira. Zoti ndalama unasiya kutumiza sitinakuimbe mlandu. Tinkadziwa kuti malo ako a ntchito anatsekedwa.

Mu Ogasiti boma latsopano linalamula kuvala zotchinga kukamwa ndi mphuno pagulu, wolakwa kulipira K10,000. Matelala a pa Dyeratu anapeza msika wosoka mamasiki a chitenje. Kutentha kwa kuno ukukudziwa, makamaka Okutobala, choncho ambiri masikiyo inkakhala m'thumba n'kutuluka minibasi ikamayandikira apolisi pa Thabwa.

Sukulu zinatsegulidwa pa 7 Sepitembala kwa olemba mayeso, ndipo ena onse pa 12 Okutobala. Kwa mwana wa Sitandade 7 imeneyo inali miyezi yopitirira isanu ndi umodzi ali pakhomo. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi ya kutsekedwa kwa sukuluyo atsikana opitirira 40,000 m'dziko muno anatenga mimba, ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ife sitinafunike kafukufuku. Tinkangoona kuti pa atsikana amene ankadutsa pakhomo pathu m'mawa kudzatengana ndi mwana wathu, ena sakubweranso. Mafumu anathetsa maukwati ena, koma mimba siithetsedwa pabwalo la mfumu. Wathu anabwerera, koma anali atatsalira kwambiri ndipo anabwereza kalasi.

Mantha enieni anafika mu Januwale 2021. Chaka choyamba chija ambiri ankati korona ndi matenda a m'tauni, a anthu okwera ndege. Koma pa 12 Januwale nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia. A Mia anali mwana wa kuno ku Chikwawa, wodziwika chigwa chonse, ndipo anthu anati ngati munthu wachuma chotere walephera kupulumuka, nanga ife. A Chakwera analengeza kuti dziko lilinso pangozi, kuyenda usiku kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko m'mawa kunaletsedwa, ndipo sukulu, zimene zinali zitangotsegulidwa, zinatsekedwanso mpaka pa 22 Febuluwale. Zitatsegulidwa, aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo. Mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo, ndipo khomo lililonse linkanunkhira masamba a nimu ndi bulugamu ofukizira. Apa ndinaletsa kuti mwana asafukizidwe, chifukwa mphika wa madzi owira ndi mwana wosakhazikika pansi pa bulangete ndi ngozi yoposa chifuwacho. Maliro ankaikidwa mofulumira, anthu ochepa, ena osagona pasiwa, ndipo zimenezi zinawapweteka amayi kuposa china chilichonse. Pomwe ife tinkawiritsa masamba, kunamveka nkhani ya K6.2 biliyoni ya korona imene mbali ina inathera m'maalawansi. Za imeneyo unawerenga wekha.

Katemera wa AstraZeneca anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, ndipo pulezidenti anabayitsa ku Zomba pa 11 Malichi. Mphekesera zinali zambiri, zina zochokera m'matchalitchi, zina pa WhatsApp, moti mu Meyi boma linatentha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Amayi anabayitsa osavuta. Anati ali ndi chipsera cha katemera paphewa kuyambira ali mtsikana ndipo sanafe nacho. Kenako mu Januwale 2022 namondwe Ana anasefukiritsa chigwa, anthu anathawira m'makalasi, mabanja ambirimbiri chipinda chimodzi, ndipo za kutalikirana palibe anazitchulanso.

Mwana wako za nthawi imeneyo sakumbukira zambiri. Amakumbukira mpondagiya, ndipo mpaka pano mwana wathu wamkulu uja amamutchula kuti amayi aang'ono. Akadwala amafuna iye. Mtsikanayo tsopano ali ku sekondale, atachedwa ndi chaka, ndipo akuyandikira mayeso a Fomu 4. Pakufunika ndalama ya mayeso, fizi ndi nyali ya sola yowerengera usiku. Ukamatumiza ya mwezi uno, uwonjezereko yake, ndipo umuimbire wekha foni umuuze kuti yachokera kwa iwe. Upereke moni kwa mlamu.

Ndine mkulu wako,
kwa Katunga, Chikwawa.